Mutu Wometedwa Mbali Imodzi

Shopu yanga yosokera idalekana ndi kachipinda kometera ka amuna anga ndi thabwa lopyapyala basi. Zokambidwa uko ndimazimva zonse, ndipo abambo akakhala pampando wometera, pakamwa pawo sipakhala chitseko.

Amuna angawa ankandimenya. Ndidathawira kwa achemwali, ndipo ndidabwerera iwo atalowa gulu la abambo omenya akazi awo, lokumana ndi mlangizi Lachinayi lililonse. Kumenyako adasiyadi. Koma mtima wanga sudakhale pansi, poti munthu amatha kungoopa apolisi, m'kati ali yemweyo.

Tsiku lina kudabwera eninyumba, amene amatichititsa lendi tonse awiri. Makina ometera akulira, iwo adayamba kudzitama.

"Wanga uja dzulo ndamuthira makofi. Mkazi ukamulekerera amakukwera pamutu."

Odikira pabenchi adaseka. Ine ndidachotsa phazi pamakina anga n'kutchera khutu. Kuseka kwa amuna anga ndingakuzindikire ngakhale pakati pa msika, ndipo ndidadziuza kuti akangoseka nawo, ndimanganso katundu.

Makina ometera adangoti zii.

"Magetsi athima?" adafunsa eninyumba.

"Ayi bwana, ndathimitsa ndine. Ineyo ndidamugulula dzino mkazi wanga, ali kuseri kwa thabwali. Za makofi muno sitiseka."

"Iwe, maliza mutuwu. Waiwala kuti nyumba ino ndi ya ndani?"

"Sindinaiwale. Mbali yotsalayo ndidzakumetani Lachinayi, tikadzabwerako kugulu kwathu. Ndidzakudzerani kunyumba."

Ndidasuzumira pakhomo. Bwanayo adatuluka akutukwana, mutu mbali imodzi uli mbee, inayo ili thengo, chipewa alibe. A pabenchi aja adangoti ndwii pansi. Ine ndidaluma nsalu ya kasitomala kuti phwete lisandipulumuke, koma misozi ndiyo idandipulumuka. Chikwatiwire, ndinali ndisanawanyadirepo amuna angawa ngati tsiku limenelo.

Patapita kanthawi amuna anga adabwera n'kuima pakhomo panga, poti masiku ano salowa ndisanawalole.

"Amayi, ndaputa mavu. Mwina mawa tipeza maloko pazitseko zonse ziwiri."

"Atseke. Tsitsi silidzasiya kumera, ndipo mabuluku sadzasiya kung'ambika."

Ndidachotsa nsalu pampando ndi kuwauza kuti alowe. Atakhala pansi ndidati:

"Koma Lachinayilo mukawatengedi eninyumbawo. Akazi awo aja usiku uno agonanso m'nyumba imodzi ndi munthu ameneyo."