Matayala a Mitanda Yachikasu

Katakisi kanga ndi ka 1974, ndipo kanyamula anthu a mu Bulawayo muno kuposa mabasi ena. Koma kopimitsa magalimoto salemekeza zaka. Ulendo woyamba anakakana chifukwa nyali yakumanzere inkayang'ana kumwamba ngati ikupemphera, buleki yapamanja nayonso osagwira pachitunda. Ulendo wachiwiri anapeza dzimbiri litadya pansi pa mpando wanga, bowo loti nkhuku n'kudutsa, matayala ali see ngati dazi langali.

Mayi wopima magalimoto kumeneko, MaDlodlo, anandiuza poyera: "Baba Mlalazi, kachitatu n'komaliza. Kakalepheranso tidzamasula manambala."

Popanda manambala palibe takisi. Popanda takisi ndine nkhalamba chabe yothamangitsa ntchentche pakhonde ku Makokoba.

Bowo lija ndinawotcherera ndi chitseko cha firiji yakufa. Makina osokera a malemu mkazi wanga ndinagulitsa, n'kugula matayala anayi atsopano, mano ake akuthwa. Kopimitsa kuja anandipatsa tsiku Lachisanu.

Tsono pasiteji pathu pali mwambo. Amene ali ndi chinthu chabwino amabwereka mnzake tsiku lopimitsa. Hutala imodzi yapambanitsa magalimoto khumi. Ukakana, m'mawa galimoto ikakana kulira palibe wokukankha.

Woyamba kununkhiza matayala anga anali Gumpo, mnzanga wa zaka makumi atatu amene sindinamukhulupirirepo.

"Mdala, nsapato zatsopanozi zikuyenera kukayamba zaona tauni," anatero akuwasisita. "Ine Lolemba, Tshuma Lachiwiri, Nkiwane Lachitatu. Lachinayi zabwerera kwa mwini wake."

"Zibwerera zomwezi, kapena zidzukulu zake?"

"Iwe, mtima wakowo udzakupha usanafe!"

Ndinabwereka, nanga ndikanatani? Koma anthu awa ndimawadziwa. Ndinatenga penti wachikasu n'kulemba mtanda waukulu pambali pa tayala lililonse, kuti wina asandisinthire.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Kagalimoto kali pa njerwa, ine kuzungulira bwalo ngati galu womangidwa. Ndikathira tiyi, amazizira ndili kumsewu kusuzumira. Atatu onse anapambana. Lachinayi matayala anabwera, ndinawerenga mitanda kawiri, inali inayi.

Lachisanu ndinafika chipata asanatsegule. Mzere unkayenda ngati wa maliro. Ndinatsika, kukwera, kutsikanso, kupukuta galasi lopukutidwa kale. Pomaliza ndinakakwezera padzenje lopimira. Nyali zili bwino. Buleki inagwira. Chitseko cha firiji anachigogoda ndi nyundo, chinapambana. Kenako MaDlodlo anatuluka m'dzenjemo, n'kuima pa tayala lakutsogolo nthawi yaitali.

"Baba, matayala awa ndi akhama bwanji. Sabata ino ajomba Lachinayi lokha."

"Ndi anga amenewo, mwana wanga."

"Baba Gumpo anateronso Lolemba. Analumbira pa manda a mayi awo."

"Mayi ake ali moyo ku Tsholotsho! Mitandayo ndinalemba ndine, dzanja ili!"

"Wachiwiri atabwera ndi mitanda yomweyi, ndinangoti mwina penti ndi wotchipa. Wachitatu ndinakayika. Wachinayi ayi, baba. Ndikakulolani, madzulo ano kagalimotoka kabwerera pa matayala ake osalala aja, kanyamula ana a eni. Lisiti muli nalo?"

Lisiti ndinalibe. Ndinagula kwa munthu wa kuseri kwa msika, chifukwa am'masitolo amaba. Ndinayang'ana pamzere kufuna mboni. Nkiwane anali pomwepo, waperekeza mlamu wake. Maso athu atakumana, anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato.

Manambala anamasula ndi sikuludiraiva yanga yomwe, yawo itasowa.

Lero kagalimoto kabwerera pa njerwa. Nkhuku za aneba zimaikira pampando wakumbuyo. Matayala ndinawalowetsa m'nyumba, ndimagona nawo chipinda chimodzi, pamalo pomwe pankakhala makina aja.

Dzulo masana kunabwera Gumpo, chipewa m'manja, nkhope ya pamaliro.

"Pepa, mdala. Zinatipweteka tonse pasiteji."

Anakhosomola, maso ali ku chitseko cha kuchipinda.

"Mphwake wa Tshuma akupimitsa Lachiwiri. Popeza iwe sukuwagwiritsa ntchito... koma uyambe wapala pentiyo."