Mwezi Wophika Shuga

Uthenga unabwera ndi Binesi, mlenje wa zikopa wochokera kwathu kummwera.

"Mng'ono wako Nenookaasi akuti amayi anu ali gone, matenda akula. Eni akewo akuti sapyola Mwezi Wophika Shuga, ukawapeze usanathe."

Ndinayamba kulongedza pomwepo. Apongozi anga ankasoka chikopa pakhomo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Liwiro lanji, mpongozi? Uno ndi Mwezi wa Chipale Cholimba. Wa shugawo ndi wotsatira."

"Kwathu wa shuga ndi uno, amayi."

"Kwanu! Kumwambaku mwezi ndi umodzi, kapena kwanuko munapachika wanuwanu?"

Mwamuna wanga Makoons anaseka nawo. "Dikira nyanja youndanayi isungunuke, mkazi wanga, tipite tonse pabwato. Ukufuna ndikakuvuule ndi mbedza?"

Anthu akumpoto, ine ayi! Mtengo ukapanda kudontha madzi a shuga pakhomo pawo, ndiye kuti sunadonthe dziko lonse. Chikwatiwire ndinkatchula miyezi momwe ankafunira iwo. Wa Mabulosi ndinkauchedwetsa, Wokolola Mpunga chimodzimodzi, kuti m'nyumba mukhale mtendere. Koma amayi anga sankadwala potsata mwezi wa apongozi.

Makoons anabisa nsapato zanga zoyendera pachipale. Ine ndinatenga za amayi ake, n'kunyamuka m'mamawa chipale chikadali gwa.

Apongoziwo sananame, kwawo chinalidi cholimba. Koma ndikamatsikira kummwera chinayamba kufewa, kenako matope okhaokha. Panyanja ya Makwa madzi oundana ankalira pansi pa mapazi anga, ndipo mwendo umodzi unalowa mpaka m'ntchafu. Ndinachita mantha kwambiri, ndinalira, ndinatukwana, koma kubwerera ndiye ayi.

Fungo la shuga ndinalimva ndisanaone utsi. Amayi anali atawagoneka m'chisakasa kunkhalango yophikirako shuga, pafupi ndi miphika, poti anakana kutsala kumudzi. Anali atatha, ochepa ngati kamwana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zobazo.

"Wabwera wekha, Waaseyaa?"

"Ndekha, amayi."

"Wachita bwino. Takasa mphikawo, mng'ono wakoyu amapsereza."

Ndinatakasa, iwo akundilangiza ali chigonere. Shuga woyamba kuuma ndinawaika pa lilime, nati wachepa moto. Anamwalira mwezi utangoyamba kudyeka, mutu uli pamiyendo panga.

Makoons anafika nyanja itasungunuka, miphika tinali titatsuka kale n'kuivundikira. Anatsika m'bwato atanyamula nyama youma ndi bulangete latsopano la odwala, nkhope ili mwee.

"Waona? Ndafika pa Mwezi Wophika Shuga penipeni. Amayi ali kuti, ndiwapatse moni?"

Ndinamutsogolera kuseri kwa mitengo, pamtumbira wa amayi pamene dothi linali lisanamere udzu, ndipo ndinamusiya pomwepo ndi bulangete lakelo, awauze yekha kuti uno ndi mwezi wanji.