Mapepala Khumi Opanda Mayina

"Ingoyamikira basi, Sravanthi. Mphindi khumi, kenako ukhale pansi."

"Nanga ngati sindikuona choyamikira?"

"Uchipeze. Anzako onse amachipeza."

Amene ankandilamula chonchi anali Pulofesa Ramakoti, woyang'anira kafukufuku wanga pa ndakatulo zamakono za Chitelugu, chiyankhulo cha kwathu. Ntchito yanga ya zaka zinayi inali pa desiki pawo, ikungodikira kuti asaine. Loweruka linali tsiku lolemekeza mlakatuli Dhanunjaya Rao pokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo mwa mwambo wophunzira mmodzi amaima kutsogolo kufotokoza ukulu wa munthuyo akuluakulu asanamufunditse nsalu zaulemu. Ulendo umenewo maere anagwera ine.

Buku loyamba la a Dhanunjaya ndimalikonda mpaka lero. Analilemba ali achinyamata, akugona ndi njala pakati pa owomba nsalu, ndipo muli mizere yoluma. Mabuku khumi ndi asanu ndi atatu otsatirawo ndinawawerenganso onse, mwina ndekha mumzinda wathu wonse wa Rajahmundry, ndikungoyasamula. Koma kuyasamula si umboni. Ine ndinakulira pa mafunso ozunguza mutu a kutsamba lomaliza la nyuzipepala, choncho ndinakonza langa.

Ndinatayipa mapepala khumi opanda mayina. Asanu anali ndakatulo za a Dhanunjaya zimene zinapata mphoto. Enawo ndinawatenga m'kabuku ka alangizi a zaulimi kamene bambo anga amasunga, kophunzitsa kuteteza mpunga ku tizilombo. Ndinangodula ziganizo zake kukhala timizere tifupitifupi. Ndinapempha aphunzitsi asanu ndi mmodzi kuti asankhe ndakatulo yamphamvu koposa. Inapambana ya m'kabuku ka alangizi, yonena za mbozi.

A Ramakoti okha anakana. "Sindichita masewera a ana," anatero osayang'ana n'komwe mapepalawo.

Loweruka masana holo inadzaza. Kunali kotentha monga kumatenthera kwathu kuno mu Meyi, ndipo mafani awiri okha ndiwo ankazungulira. A Dhanunjaya anakhala pampando wapakati, nkhata zamaluwa zitafika m'makutu, nsalu zitaunjikidwa pambali kudikira nthawi yake.

Ndinayamba ndi buku loyamba lija, ndipo zonse zimene ndinanena zinachokera pansi pa mtima. Kenako ndinati, "Tsopano mvetserani iyi."

"Chimalowa mwakachetechete
tsinde likadali lanthete.
Kunja munda ndi wobiriwira,
m'kati mwatha kale."

"Aha! Aha!" holo yonse inabuula.

"Ameneyo ndiye Dhanunjaya!" anafuula mkulu wina wa m'mzere wakutsogolo. "Akunena boma pamenepo!"

Anaomba m'manja nthawi yaitali. A Ramakoti ndiwo anamaliza kuomba.

"Tsamba lachinayi la kabuku ka alangizi a mpunga," ndinatero, n'kukakweza m'mwamba. "Mzere wotsatira ukunena mlingo wa mankhwala pa ekala imodzi."

Munthu wina kumbuyo anaseka kamodzi, n'kusandutsa kusekako chifuwa. A Ramakoti anadzuka, nadzaima pafupi nane akumwetulira kuti anthu aone.

"Khala pansi, mwana iwe," ananong'ona. "Ukaonjeza liwu limodzi, kafukufuku wakoyo akasaine alangizi akowo."

"Bola iwo amalemba zogwira ntchito, bwana."

Pakamwa panali pasanatope. Ndinafotokoza za mapepala khumi aja ndi mmene aphunzitsi anasankhira, osatchula mayina awo, ngakhale nkhope zawo zinadzitchula zokha.

"Sindikunena kuti bambowa si mlakatuli," ndinatero. "Anali mlakatuli, m'buku limodzi, ndipo bukulo lidzakhalapo ife tonse titafa. Kuchokera pamenepo takhala tikuwaunjikira nsalu ndi mphoto popanda wowauza kuti atsetsereka. Ngati kutchuka kwa ndakatulo zathu n'kumeneku, ine sindikuombera m'manja."

A Ramakoti anandilanda maikolofoni. "Tikupepesa, akuluakulu. Kuyambira lero dipatimenti yathu ilibe wophunzira wotchedwa Sravanthi. Bweretsani nsalu."

Zaka zinayi zinathera pomwepo, pamaso pa anthu mazana atatu. Ndinapinda kabuku ka bambo anga kuti ndizitsika.

"Taima kaye, mwana wanga."

Anali a Dhanunjaya. Anavula nkhata imodziimodzi n'kuzisanja pampando. Kolala ya malaya awo inali itanyoweratu ndi thukuta. Anakankhira kumbali nsalu yoyamba imene inkabwera, natambasula dzanja mpaka a Ramakoti anawapatsa maikolofoni.

"Ine ndinadziwa pa mzere wachiwiri kuti si yanga," anatero. "Inandigwira mtima. Papita zaka makumi atatu ndisanalembe mzere wotere, ndipo palibe anandiuzapo."

Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe Ramakoti, mawu otsogolera m'mabuku anga onse unalemba ndiwe. Unawerengapo limodzi mpaka kumapeto?"