Mpando Wotsalira Sitima

Galimoto inachoka ku Braunstone, mu mzinda wa Leicester, Lachiwiri itakwezedwa pa lole. Lachinayi m'mawa Keturah anapeza wilitcheya ya mayi ake ili phee kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, yopindidwa bwinobwino. Galimotoyo anagulira mlongo wake wa ku Zomba, koma mtima wake unali pa mpando wamatayalawo. Mayi, omwe ankakhala ku Zomba komweko, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo popita kuchipatala ankachita kuberekedwa kumsana ngati khanda. Sitima yonyamula galimotoyo inali yonyamuka ku Southampton Lachisanu madzulo.

Amene analonjeza kuika mpandowo m'buti anali malume ake, a Foster, munthu woti wakhala ku England zaka khumi ndi zinayi koma mutu wake udakali pa depoti ya Wenela.

"Usatekeseke, mwana iwe," anatero a Foster. "Tipita konko, tikamupeze kondakitala, tikamulankhule bwino, akauponya m'kati. Sitima n'chimodzimodzi basi, kungoti imayenda pamadzi."

"Amalume, kuno si ku Blantyre."

"Kulikonse kuli anthu. Safunsa anadya phula."

Keturah ankadziwa kuti izi n'zopanda mutu, komabe anasinthana shifiti ndi Chrissie kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, nagula matikiti awiri. Walira mvula walira matope. Lachisanu m'mawa a Foster anafika pa siteshoni ya basi ya St Margaret's ali mu suti ndi tayi, m'manja atanyamula kamba wa mazira owiritsa asanu ndi atatu. Anayamba kuwasenda asanafike n'komwe pa msewu waukulu wa M1, ndipo basi yonse inamva fungo. Ku London, posintha basi, anasowa kwa mphindi makumi awiri ati akufuna madzi osamba m'manja. Keturah anaima pakhomo la basi, mpando m'manja, akupepesa dalaivala mpaka m'kamwa kuuma.

Anafika ku Southampton dzuwa litapendeka kale. Mphepo yake inali yolowa mpaka m'mafupa. A Foster anaimitsa mayi wina wa galu n'kumufunsa kuti doko lili kuti.

"Geti iti?" anafunsa mayiyo.

Apa m'pamene Keturah anazindikira kuti dokolo n'lalitali ngati tauni yomwe, ndipo mageti ake ali ndi manambala. Pepala lomwe linali ndi nambala ya geti a Foster analisiya pa firiji ku Leicester, ati kuopa kulitaya.

"Palibe chovuta," anatero. "Titsate sitima yaikuluyo."

Anaitsatadi. Panjira bondo la a Foster linayamba kuvuta, ndiye anatambasula mpando wa mlongo wawo n'kukhalapo, mazira pamiyendo. Keturah anawakankha akukukuta mano. Atafika pa sitima yaikulu yoyerayo, antchito ovala mayunifolomu anawathamangira, kuwatsegulira njira, kuwadutsitsa mzere wonse wa azungu a masutikesi. A Foster ankangogwedeza mutu ngati nduna.

"Waona? Ulemu umalipira."

Ulemuwo unathera pa tebulo, pamene anafunsidwa mapasipoti ndi matikiti. Inali sitima ya anthu opita kokasangalala. Za magalimoto, anawauza kuti n'kwina, akwere basi. Anakweradi basi, koma a Foster anaumirira kuti adikirire tsidya lina la msewu chifukwa kunali kabenchi, ndipo basiyo inawatengera kumashopu. Keturah anayang'ana foni: folo koloko inali pafupi. Mkwiyo unamufika pakhosi, koma malume satukwanidwa. Anangowauza kuti adzuke pampandopo, ayende ndi miyendo yomwe Mulungu anawapatsa.

Anabwerera kudoko wapansi, nayenda m'mbali mwa mpanda wa waya wosatha, malole akuwathira mphepo ndi fumbi. Kuseri kwa mpandawo kunali magalimoto mazanamazana, ondanda ngati mizere ya chimanga. Pageti panali mlonda wa ndevu zaimvi, baji yake yolembedwa kuti Zakir. A Foster anakonza tayi, namupatsa moni wa manja awiri. Anamufunsa za kunyumba, za ana, za kwawo kwenikweni. Kenako anatulutsa dzira.

Zakir analiyang'ana dziralo, nayang'ana Keturah. Analankhula mofatsa, ngati munthu amene waonapo zotere. Popanda chiphaso palibe wolowa. Kondakitala kulibe. Magalimoto a sitima imeneyo analowa dzulo, ndipo ngakhale akanabwera dzulolo, magalimotowo amayenera kukwera opanda katundu m'kati.

"Sitima yanu ndi iyo," anatero, akuloza chinthu chotuwa chonga khoma la fakitale. Chitseko chake chakumbuyo chinali chitakwera kale n'kutsekeka.

"Akuluakulu ake alipo?" anafunsa a Foster. "Mwina titawalankhula..."

"Amalume, chonde!" Mawu a Keturah anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. "Tsiku lonse ndakukankhani, ndakupepeserani, ndanunkha mazira anu. Ntchito yanu inali imodzi yokha, kuika mpando m'buti. Imodzi!"

A Foster anabweza dzira m'thumba.

Foni inalira. Anali mlongo wake ku Zomba, pa vidiyo, ndipo anaitembenuzira kwa mayi. Anali atatsamira khoma la pakhonde, chitenje chitawakulira, pakamwa patapotoka pang'ono. Keturah anali asanawaone maso ndi maso kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Wakwera?" anafunsa mayi, mawu akukokeka.

"Ayi, amayi. Tachedwa. Uli pano." Analozetsa foni pa mpandowo, uli wokha pafupi ndi mpanda. "Ndifufuza kontena ya mwezi wamawa, kapena ndi..."

"Takhalapo ndione."

Keturah anapatsa a Foster foni, nakhala. Apa m'pamene anamva mmene analili wotopa. Kumbuyo kwake sitima inaliza lipenga.

"Wakukwana bwino," anatero mayi. "Ine ndiye ndidzasoweramo, ndatha thupi masiku ano." Anapuma kaye. "Tsiku ndi tsiku umakankha amayi a eni kumeneko. Usautumize pa sitima, Keturah. Ubwere nawo wekha, udzandikankheko inenso."

Misozi ya Keturah inayamba kutsika. A Foster anaika foni pamiyendo pake, nagwira zogwirira za mpandowo. Anamukankha akutsimphina, kubwerera njira yonse ya m'mbali mwa mpanda ija.