Dzina la Pabolodi

Ackim Longwe, mbadwa ya ku Nkhata Bay, ankaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina mu Mzuzu. Anali munthu wofatsa, woti ngakhale nkhuku sankazinga yekha. Mlamu wake Maxwell anali atathawira ku Zambia atayambana ndi akuluakulu a chipani, ndipo ku Ching'ambo, kumene Ackim ankakhala, anthu ankalitchula dzinalo monong'ona.

Tsiku lina akuphunzitsa za maginito, anawaza tinyenyeswa tachitsulo papepala, n'kuika maginito kunsi. Tinyenyeswa tija tinandanda m'mizere yokhota.

"Mphamvu ya maginito yodutsa pamalo timaiyeza mu weba," anatero akulemba pabolodi. "Muyeso wakale unali maxwell. Weba mmodzi ndi ma-maxwell mamiliyoni handiredi."

M'kalasimo munali mwana wa tcheyamani wa chipani. Pofika kwa bambo wake nkhani inali itamera nyanga: ati Longwe akuuza ana kuti Maxwell ali ndi anthu mamiliyoni.

Kutacha, anyamata achipani anamenya chitseko cha kalasi ndi mwendo. Patsogolo panali Frackson, mkulu wawo, chibonga kumanja.

"Iwe ndiwe ukulalikira chigawenga kuno?"

"Pepani achimwene, ndi muyeso chabe, si munthu amene..."

Chibonga chinatera pakamwa. Ackim anagwera pa desiki, mano awiri n'kutsakamukira pansi. Anyamatawo anamupondaponda m'nthiti, ana akukuwa, ena akutulukira pawindo. Frackson anatola maginito uja, chitsulo cholemera, n'kumukhoma nacho pakhutu. Kwa Ackim phokoso lonse linazima. Ankangoona pakamwa pa anthu pali yasa, magazi akuyenderera m'kolala.

Winifred, mtsikana wokhala kutsogolo, anadzuka n'kukuwa, akutchula aphunzitsi m'Chitumbuka. "Alekeni asambizgi! Zili m'silabasi zimenezi!" Mmodzi wa anyamatawo anamuwomba mbama mpaka anagwa pamodzi ndi mpando.

Kenako anyamata aja anamuguza miyendo Ackim, mutu ukugunda masitepe, n'kumuponya m'galimoto.

Ackim anatuluka m'ndende patadutsa nyengo ziwiri za mvula, khutu lamanzere litafa, chibwano chitapotoka. Ntchito ya uphunzitsi inali itatha. Mkazi wake Lettie, mlongo wa Maxwell uja, anamupezera kabenchi kumsika, ndipo Ackim anayamba kukonza mawailesi. Amene anali ana ake asukulu ankabwera ndi mawailesi abwinobwino, ati awaonereko. Iye ankatsegula, kuuzira fumbi, n'kutseka.

"Yewo chomene, wana wane," ankawathokoza motero, atatembenuzira kwa iwo khutu lamoyo.