Belu la Njinga

Alamu ake anafika ku ofesi nthawi ya nkhomaliro atavala tayi. Dokota atangoiona tayiyo anadziwa kuti kwagwa zina, chifukwa mwamuna wa mkulu wakeyu ankavala tayi pamaliro pokha. Anachotsa mulu wa mapepala a mayeso pampando kuti mlendoyo akhale.

"Mwatchukatu alamu," anatero bamboyo. "Nkhani yanu ija abwana aimata pabolodi, pafupi ndi ketulo."

Nkhaniyo inali ya kafukufuku. Dokota ankaphunzitsa utolankhani payunivesite, ndipo anatha zaka akufunsa atolankhani momwe eni manyuzipepala amaphera nkhani zowakhudza. Anakaifotokoza kumsonkhano wa bungwe la padziko lonse la akatswiri ofufuza za kufalitsa nkhani, m'chipinda chozizira ngati mufiriji, anthu n'kumuombera m'manja. Kenako magazini ya bungwelo inaitulutsa pa intaneti kuti aliyense awerenge ulere. Ulere womwewo ndi umene unaifikitsa m'manja mwa mwini nyuzipepala imene alamu akewo ankagwirako ntchito.

Maina onse anabisa monga mwa lamulo. Alamu ake anasanduka Mtolankhani C. Zaka zawo, mzinda, dzina la nyuzipepala, zonse anafufuta. Koma akatswiri awiri ounika nkhani isanatuluke, anthu opanda nkhope amene amalamula ali kutali osadziwa kuti kuno kukutentha bwanji, anadandaula kuti mawu a ofunsidwawo sakumveka. Anati aikemo mawu enieni m'chilankhulo cha eni ake, asamangomasulira. Dokota anasankha chiganizo chokoma koposa zonse: "Ife ndi mabelu a njinga, timalira chala cha mwini chikatikhudza."

"Kodi mumadziwa dzina limene amanditchula kuntchito?" anafunsa bamboyo.

Dokota anapukusa mutu.

"Belu. Ngakhale mlonda wa pageti amati a Belu mwadzuka bwanji. Mawu amenewo ndimanena ndine, tsiku ndi tsiku. Munangotsala kulemba saizi ya nsapato yanga."

Anaseka pang'ono, yekha. Dokota ankawadziwa alamu a pakhomo, ofatsa, okonza mipopi yodontha Loweruka. Za Belu sanamvepo.

"Ndiye abwana akuti bwanji?"

"Akuti njira zilipo ziwiri. Ndilongedze lero lomwe, kapena ndilembere a bungwe lanulo kuti simunandifunsepo. Kuti za beluzo munangozitola ndikuseka kunyumba, zina zonse munapeka."

Dokota ankadziwa chimene kalata yotere imachita. Nkhani imachotsedwa, tsamba lililonse n'kudindidwa mawu ofiira. Kenako komiti ya payunivesite, kenako ntchito, ndipo palibenso magazini imene imalandira cholemba chako. Umboni anali nawo, mawu a alamu ake anali mukompyuta momwemo, ojambulidwa bwinobwino. Koma kuwatulutsa kukanakhala kumumaliza munthu amene anakhala patsogolo pakeyo. Ndipo mkulu wake, amene anamulera mayi awo atamwalira, ankatsukidwa magazi kuchipatala pa khadi ya kuntchito kwa mwamuna wake. Ntchito ikatha, khadi nayo yatha. Dokota anachita mantha, komanso anapsa mtima, koma anasowa womupsera.

"Achemwali akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti bola afe kusiyana n'kuti ndikunamizireni. Mukuwadziwa makani awo. Sakudziwa kuti ndili kuno."

Bamboyo anatulutsa pepala m'thumba la jekete, lopindapinda, lolembedwa pamanja. Analiyika patebulo osamuyang'ana kumaso. "Ndinati muyambe mwaliona. Mukakana ndiling'amba pompano. Sindinabwere kudzakukakamizani."

Dokota anawerenga kalatayo. Munthu wa zaka zambiri pa ntchito yolemba, koma apa cholembera chinamukanika. Mzere uliwonse unali ndi "mwina", "ndikuganiza kuti", "sindikukumbukira bwino". Anayesetsa kunama mosapweteka, ndipo bodza lotero silipulumutsa aliyense. Panja pa chitseko ophunzira awiri ankakangana za malikisi, akudikira kuti alowe.

"Iyi sangaikhulupirire," anatero Dokota. "A bungwe adzakufunsani mafunso, abwana anu adzati mwawazembera. Mudzataya zonse ziwiri."

"Ndiye nditani, alamu?"

Dokota anakokera kompyuta pafupi n'kuyamba kutayipa kalatayo mwatsopano, m'dzina la alamu ake. Ankadziwa mawu amene komiti imawaopa, ankadziwa ndime ya malamulo yoyenera kutchula ndi munthu woyenera kumutumizira, popeza chaka chatha iye yemwe anakhala nawo m'komiti yoteroyo. Sanaikemo "mwina" ngakhale mmodzi. Atamaliza, makina osindikizira anayamba kulira pakona.

Bamboyo anawerenga, milomo ikuyenda. Atafika pakati anavula magalasi n'kuphimba maso ndi dzanja.

Dokota anamuikira cholembera pafupi.

"Sainani apa, alamu. Dzina langa ndalilemba lonse, kuti asavutike kundipeza."