Mavolti Awiri Osowa

Peterson anakhala ku Wattville zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, akulondera fakitale ina ku Benoni. Bwana wake posamukira kunja anamusiyira kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto kaja. Chaka chomwecho kwawo ku Ntcheu kunabadwa mdzukulu woyamba, ndiye anatsimikiza zopita ndi mkazi wake Elube akamuyangate mwanayo.

Chovuta chinali insulini. Elube ankadwala shuga, ndipo mankhwala ake obayawa sagwirizana ndi kutentha. Ulendo unali wa masiku atatu, wodzera ku Tete kumene dzuwa limaphika munthu ali moyo. Kafiliji ka m'kalavani kanayenera kuzizira osapumira.

Peterson anagula batire ya lithiyamu, n'kuilumikiza ku mawaya akale ochokera ku galimoto. Loweruka anayesa ulendo wa ku Duduza ndi kubwerako, filiji ikuyaka. Pofika pakhomo anapeza batire yatsika m'malo mokwera. Anasintha fyuzi. Zomwezo. Anasintha pulagi. Zomwezonso.

"Bambo a Faith, tangopitani nokha," anatero Elube. "Mukandijambulire mwanayo pa foni."

"Foni ilibe manja oyangatira mwana. Tipita tonse."

Anakokera kalavaniyo ku Actonville kwa Nasiru, mkulu wa ku Mangochi wokonza magetsi a magalimoto. Nasiru analiza injini, n'kugunditsa mita yake pa batire ya galimoto.

"Onani, achimwene. Apa mavolti khumi ndi anayi." Anazungulira kumbuyo. "Apa khumi ndi awiri okha. Awiri akuthera m'njira. Lithiyamu si batire ya masiku aja yolandira chilichonse, iyi imafuna muyezo wake. Mupeze waya wonenepa ndi chaja ya DC-DC, kabokosi kokweza mphamvu isanalowe m'batire. Koma ine ntchito yandithina mpaka mwezi wamawa."

"Ndibwerekeni mitayo. Mungondijambulira papepala mmene mawaya ayendere."

Kwa masabata awiri, akaweruka m'mawa, Peterson ankagona maola atatu okha, kenako n'kukwawira pansi pa galimoto. Anakoka waya wonenepa ngati chala kuchokera ku injini mpaka kumbuyo, akumangirira malo ndi malo kuti usakhule pa chitsulo. Anaika fyuzi mbali zonse ziwiri. Anakhoma kabokosi kaja pafupi ndi batire. Ataliza injini, kagetsi kake kanathwanima kamodzi n'kuzima.

Anakhala pansi pafumbi, zala zili magazi. Elube anamubweretsera tiyi. Atamwa, anatenganso mita n'kuyamba kulondola waya uliwonse, chikhatho ndi chikhatho, ngati mlenje wotsata mapazi. Cha m'ma thiri koloko anafika pa bawuti imene waya wa nekativi umagwira chitsulo cha kalavani. Pansi pake panali dzimbiri lokhalokha, litabisala mu penti. Anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kumanganso.

"Amayi, takalizani injini!"

Elube anapotokola kiyi. Kagetsi kanayaka, ndipo sikanazime. Manambala pa mita anayamba kukwera: khumi ndi atatu, khumi ndi anayi.

Peterson sanafuule. Anaika botolo la madzi m'filiji, n'kuyenda ndi kalavaniyo masiku atatu otsatizana, akulemba manambala m'kope pa ola lililonse. Tsiku lachinayi anatulutsa botololo n'kulipereka kwa mkazi wake. Elube anamwako, mano n'kuchita dzanzi.

"Ndiye ndikachape zitenje zanga za paulendo," anatero, akulowa m'nyumba mofulumira.